Dzina la Munthu Pamsika wa m'Lamya

Mwezi uno tikambirane za malonda achilendo amene aloŵa m'midzi yathu osadzera kwa amfumu. Kuyambira ku Mponela mpaka ku Mvera, kuchokera ku Malomo kukafika ku Nthondo, nkovuta tsopano kupeza mnyamata kapena mtsikana wotsiriza Folomu 4 amene sanamvepo kuti munthu angathe kudya ndi kuvala chifukwa chakuti dzina lake latchuka pa Facebook, pa TikTok kapena pa YouTube. Ena agulitsa kale mbuzi kuti agule lamya yojambula bwino. Makolo ambiri akuyang'ana zimenezi ndi nkhaŵa, ndipo ena angogamula kuti zonsezo nza Satana. Ife tikuona kuti mbali zonse ziŵiri zafulumira kuŵeruza mlandu usanazengedwe.

Poyamba tivomereze kuti kudyera dzina si chinthu chatsopano. Pamsika uliwonse pali mmisiri wa zidebe amene anthu amamdikira ngakhale anzake ali ndi zidebe zotsika mtengo, chifukwa adziŵa kuti zake sizidontha. Pali telala amene amalandira nsalu za ukwati zochokera kutsidya kwa mitsinje itatu. Anthu ameneŵa sanalipirepo wailesi kuti iwalengeze. Mbiri yawo inayenda ndi miyendo ya anthu amene anawagula. Chimene lamya yasintha ndi liŵiro ndi mtunda basi. Mbiri imene kale inkatha chaka kuti ichoke ku Chinthembwe ikafike ku Madisi, lero ifika ku Johannesburg nsima isanapse, ndipo mbiri yoipa nayonso iyenda pa liŵiro lomwelo.

Tsono funso limene ana athu sakonda kulifunsa nali: kodi ndalama zimene akuziyembekezazo zichokera m'thumba la yani? Ambiri amaganiza kuti makampani a intaneti amalipira munthu chifukwa chakuti anthu amkonda. Si tero ayi. Makampani ameneŵa ndi eni msika, ndipo katundu amene amagulitsa ndi maso a anthu oonera. Wogula masowo ndi wamalonda wofuna kutsatsa sopo kapena galimoto yake. Wojambula kanema ali ngati wovina amene mwini msika wamlola kuvina pachipata kuti anthu asonkhane, namgaŵirako pang'ono pa zimene wapeza.

Tiyeni tichite samu monga tichitira m'kalasi. Lamulo la YouTube nlakuti munthu asanayambe kulandira gawo la ndalama za otsatsa malonda pa makanema ake aatali, akhale ndi omtsatira 1,000, ndiponso anthu akhale ataonera makanemawo maola 4,000 m'miyezi 12. Maola 4,000 ndi mphindi 240,000. Ngati kanema wanu ndi wa mphindi 5, afunika kuonedwa ka 48,000 kuyambira poyamba mpaka pothera, popanda wodumpha. Mukakwera phiri limenelo, kampaniyo imatenga 45 pa 100 iliyonse nkukusiyirani 55, ndipo situmiza kanthu kufikira zanuzo zitakwana madola 100. Onjezani apa kuti otsatsa malonda amalipira molingana ndi matumba a oonera: maso a munthu wa ku London ngokwera mtengo kuposa maso a munthu wa ku Nambuma, pakuti wa ku London ndiye ayembekezeka kukagula. Ndiponso kwa zaka zambiri dziko la Malaŵi silinali pa mndandanda wa maiko amene anthu ake angalembetse kuti azilipidwa, kotero kuti oimba ena ankachita kudzera mwa abale awo okhala kunja. Wofuna kuyenda njira imeneyi ayambe wafufuza ngati chitseko nchotsegula, mbuzi ikadali m'khola.

Pamene mukudikira khamu limenelo, bandulo ikudya ndalama tsiku ndi tsiku, ndipo kumene magetsi a ESCOM sanafike, kutchajitsa lamya nakonso nkolipira. Lamya sizipangidwa kuno. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse mu Meyi 2022, ndi kuchepetsedwanso ndi 44 mu Novembala 2023, mitengo ya lamya inakwera pamodzi ndi ya feteleza.

Kuti kutchuka ndi ndalama ndi zinthu ziŵiri zosiyana tinazionera pa agogo athu a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, amene anabadwa mu 1930. Mu 2020 a Patience Namadingo anaimba nawo pamodzi nyimbo zawo zakale, ndipo chakumapeto kwa 2021 imodzi mwa nyimbozo, Linny Hoo, inafalikira ngati moto wolusa pa TikTok. Pofika Januwale 2022 nyuzipepala za maiko akunja zinalemba kuti yaonedwa koposa ka 80 miliyoni. Anthu amene sangathe nkuloza komwe Chiradzulu pa mapu ankavina nyimbo ya Chicheŵa. Koma atolankhani atapita kumudzi anapeza mkuluyo alibe lamya ya intaneti, TikTok yomweyo sakuidziŵa, ndipo anawadandaulira kuti ngakhale nyimboyo yatchuka chotero, iwo sanapezepo kanthu. Kuonedwa konseko kunali pa makanema a anthu ena zikwizikwi amene anangobwereka nyimboyo. Ngati zinatero ndi munthu wa luso lotere, kodi mwana wathu wa omtsatira 600 ayembekezere chiyani kwa makampaniwo?

Tsono tiyang'ane kufupi ndi kwathu. Makolo a William Kamkwamba anakhalapo ku Dowa, kumene bambo ake ankachita malonda, asanasamukire kumudzi wa Masitala ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 mpaka 2002, imene ambiri a ife sitifuna kuikumbukira, inamtulutsa mnyamatayo ku sekondale chifukwa makolo ake analibe fizi. M'malo mokakhala pakhonde la golosale, ankapita ku laibulale yaing'ono ya pasukulu ya pulayimale ya Wimbe, kumene anapeza buku la sayansi lokhala ndi chithunzi cha makina opukusidwa ndi mphepo. Chingerezi chinkamvuta, chotero ankaŵerenga zithunzi. Ndi zitsulo zotola kudzala, njinga yakale ya bambo ake, mapaipi a pulasitiki ndi mitengo ya bulugamu, anamanga makina amene anayatsa babu m'nyumba ya makolo ake, ali ndi zaka pafupifupi 14. Anthu a m'mudzi ankati wapenga.

Taonani kutalika kwa nthaŵi: makinawo anazungulira pafupifupi zaka zinayi dziko lisanamve. Munali mu 2006 m'mene nyuzipepala ya Daily Times inalemba za iye, ndipo anthu olemba pa intaneti anaitola nkhaniyo nkuifalitsa. Mu 2007 anaitanidwa kukalankhula kumsonkhano wa TED ku Arusha, m'dziko la Tanzania, ndipo kumeneko nkumene iye mwini anaona intaneti koyamba. Buku la moyo wake linatuluka mu 2009, anatsiriza maphunziro ku Dartmouth College ku America mu 2014, ndipo mu 2019 Chiwetel Ejiofor anapanga kanema wa nkhaniyo amene anaonetsedwa pa Netflix. Dzina limenelo linamlipirira sukulu, linagulitsa mabuku, ndipo kudzera m'bungwe la Moving Windmills linabweretsa madzi ndi zipinda zophunzirira kwawo ku Wimbe. Komatu intaneti inafika mochedwa pa nkhaniyi. Inapeza nsanja itaima kale, babu akuyaka. Ana athu ambiri akufuna kuyambira pa Netflix nkumabwerera chambuyo.

Ku Dzaleka, m'boma lomwe lino la Dowa, pamalo pamene kale panali ndende ndipo kuyambira 1994 pakukhala anthu othaŵa kwawo, mlakatuli wa ku Congo, Trésor Nzengu Mpauni, wodziŵika ndi dzina lakuti Menes la Plume, anayambitsa chikondwerero cha Tumaini mu 2014. Anayamba wadziŵika yekha ndi ndakatulo zake, kenaka dzinalo analisandutsa mlatho woti alendo aolokerepo kupita kumsasa. Pa masiku a chikondwererocho ogulitsa chakudya, nsalu ndi zosemasema anayamba kupeza ndalama, ndipo mabanja ena ankalandira alendo ogona molipira. Ndalama zimenezo zinatuluka m'matumba a anthu amene anamva mbiri, nakwera galimoto, nabwera ndi miyendo yawo.

Mau a Mulungu sadana ndi dzina. Pa Genesis 11 timaŵerenga za anthu a ku Babele amene anaumba njerwa pofuna kutchuka, ndipo nsanja yawo inathera panjira. M'mutu wotsatira womwewo Mulungu alonjeza kukuza dzina la Abramu, munthu amene sanapemphe zimenezo, ndipo cholinga chake nchakuti mitundu ina ipindule kudzera mwa iye. Mwana wathu asanatsegule tsamba lake adzifunse kuti amene adzapindula ndi kutchuka kwakeko, kupatula iye mwini, ndani. Funso limeneli nla uzimu, koma nla malondanso, pakuti palibe amene amalipira kaŵiri munthu amene sanamthandize kanthu.

Apa ndiye pagona nkhani yathu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 770,000 m'boma la Dowa ndi oposa 310,000 m'boma la Ntchisi, ndipo mzinda wa Lilongwe uli pakhomo. Anthu onseŵa amadya, amavala, amakwatitsa ana, amamanga nyumba. Mtsikana wosoka madiresi safuna anthu 48,000 omuonera. Adzatanganidwa chaka chonse ngati amai 40 adziŵa kuti iye sadya nsalu ya mwini, ndipo akati Lachisanu ndi Lachisanu. Mlimi wa mbatata ya kachewere, amene kale ankangolandira mtengo uliwonse umene venda wanena m'mbali mwa msewu, lero angathe kuonetsa munda wake kwa okazinga tchipisi ku Area 25 asanakumbe nkomwe. Chimodzimodzi wofula uchi kufupi ndi nkhalango ya Ntchisi, wolima tomato ndi anyezi ku Chezi, kalipentala, woŵeta nkhuku, wokongoletsa malo a ukwati, ngakhale wophunzitsa samu ana a Sitandade 8 nthaŵi ya tchuti. Kwa anthu otere lamya ndi chikwangwani cha sitolo, ndipo ndalama zichokera kwa ogula a pafupi.

Inu achinyamata amene mufuna kuyesa, sankhani chinthu chimodzi chimene mudziŵike nacho. Tsamba limene lero likugulitsa nkhuku, maŵa likunyoza andale, mkuja likuonetsa mwini wake akuvina, silidziŵika ngati ndi sitolo kapena bwalo la milandu. Gwiritsani ntchito dzina lanu lenileni ndi nambala imodzi yosasinthasintha. Munthu wodzitcha maina a m'mafilimu sapezeka tsiku limene katundu wasoŵa, ndipo ogula adziŵa zimenezo. Jambulani katundu wanu yemweyo, panja, mmaŵa dzuŵa lisanakwere, osati chithunzi chotola kwa ena, pakuti wogula amene anaona mpando wonyezimira nkulandira wokhotakhota adzakulengezani kwaulere. Lembani mtengo poyera. Chizoloŵezi chouza munthu kuti abwere kumbali kuti amve mtengo chimathamangitsa ogula aulemu, chifukwa amaganiza kuti mtengowo umayendera nsapato za wofunsa. Onetsaninso ntchito ikugwiridwa, thabwa likupalidwa, uchi ukusefedwa, pakuti anthu amakhulupirira manja koposa pakamwa. Ndipo musachite manyazi kubwereza; mbeŵa ya manyazi inafera kuuna. Kwa ambiri a inu WhatsApp yokha njokwanira poyambira, popeza amene ali ndi nambala yanu ndi anthu okudziŵani kale, ndipo wogula mmodzi wokhutira akakutchulani m'gulu la amai anzake wakugwirirani ntchito ya mwezi wathunthu.

Chovuta chachikulu m'mapiri muno si kujambula ayi, koma kufikitsa katundu. Mvula ikagwa misewu ya kumidzi imaterera, ndipo ndowa ya tomato yolonjezedwa Lachiŵiri ikafika Lachinayi imafika ili madzi. Musalonjeze tsiku musanapangane ndi wakabaza kapena woyendetsa minibasi, ndipo mtengo wa ulendowo muunene pachiyambi, asakadzidzimuke nawo wogula padepoti. Zikavuta panjira, yambani ndinu kuimba, musadikire kuti mwini katundu akufunefuneni.

Kulandira ndalama kwapepuka chifukwa cha Airtel Money ndi Mpamba wa TNM, koma akuba nawonso adzera khomo lomwelo. Musatumize katundu chifukwa cha uthenga chabe wonena kuti ndalama zaloŵa. Yang'anani nokha ngati zaonjezekadi. Nambala yachinsinsi siuzidwa munthu, ngakhale wonena kuti akuimba kuchokera ku ofesi ya kampani. Ndipo aliyense amene akuti mulipire kaye kuti akuphunzitseni chinsinsi cholemerera pa intaneti, kapena kuti mukope anzanu atatu aloŵe nawo, chinsinsi chakecho ndi ndalama yanu yomweyo.

Kukula kwa mphamvu ya kukhulupirika tinakuona m'Januwale 2021, matenda a Covid-19 atavuta m'zipatala. A Onjezani Kenani, mlembi wa kuno kwathu amene anali kunja, anapempha pa Facebook kuti anthu asonkhe ndalama zogulira mpweya wothandiza odwala kupuma. Anthu anasonkha mamiliyoni ambiri kudzera mwa munthu amene ochuluka a iwo sanamuonepo ndi maso, chifukwa iye ndi anzake ankaonetsa poyera ndalama zoloŵa ndi zotuluka. Asungichuma a m'mipingo mwathu angatolepo kanthu pamenepa, ngakhale nkhaniyi si yawo.

Dzina likakula pang'ono, amalonda amabwera kudzalibwereka. Amati mukhale kazembe wa katundu wawo, mumtamande pa tsamba lanu, iwo akulipireni. Si tchimo, malinga ngati katunduyo mwamgwiritsapo ntchito nokha ndipo mwauza anthu kuti mwalipidwa. Koma amene amafika msanga ndi ndalama kaŵirikaŵiri ndi a juga ya mpira, a moŵa, a katapila, ndi a mankhwala onenedwa kuti achiza nthenda iliyonse. Mwana wa m'kalasi kapena wa m'kwaya amene abwereketsa nkhope yake kwa oterowo adziŵe kuti akukokera kudzenje anthu amene anamtsatira chifukwa chomkhulupirira, ndipo ife akulu ampingo sitiona kusiyana pakati pa kugulitsa moŵa pakhonde ndi kuutsatsa m'lamya.

Palinso njira yachidule yotchukira: kutukwana, kuvula, kunyoza anthu odziŵika, kujambula wovulala pangozi kapena agogo osauka kuti anthu aseke. Imakopa anthu msanga, sitikana. Koma lamya siiŵala. Chimene mwana wa zaka 17 wajambula lero adzachipeza chikumdikira tsiku lofunsira ntchito ndi tsiku la chinkhoswe. Ndiponso kuyambira 2016 dziko lathu lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene anthu ena amangidwapo nalo chifukwa cha zimene analemba ponyoza anzawo. Ana aang'ono asasandutsidwe nyambo yokopera oonera. Mwana wa Sitandade 2 sangavomereze chinthu chimene sachimvetsa, ndipo ife amene tili nawo m'kalasi ndife timaona m'mene anzake amamsekera.

Kwa inu makolo, kulanda lamya sikuthetsa kanthu. Mwana akabwereka ya mnzake, ndipo inu simudzadziŵanso zimene akuchita. Mfunseni akuonetseni tsamba lakelo, ngakhale maso anu avutika ndi tizilembo take. Kenaka mgulireni kope, alembe mbali imodzi zonse zimene waononga, bandulo, kutchajitsa, kabaza, ndipo mbali inayo zimene zaloŵa. Mpangane miyezi itatu. Ngati mbali ya zoloŵa ikhala yoyera, samu yayankha yokha popanda mkangano. Ngati muli kanthu, muonjezereni mpamba monga mukanachitira akanakhala kuti akugulitsa mandasi pamsika, ndipo mumkumbutse kuti chachikhumi chili m'kope momwemo. Wa pasukulu alekane nayo lamyayo nyengo ya mayeso, ndipo tsiku la Sabata sitolo ya m'lamya itsekedwe monga itsekedwa ya njerwa. Ogula enieni adzadikira Lolemba.

Titsirize ndi makwaya athu, amene tsopano akujambula nyimbo ndi kuziika pa intaneti. Tikukondwera nazo, pakuti abale athu a ku Joni akumva nyimbo za kwawo. Koma kaŵirikaŵiri tsamba la kwaya limatsegulidwa ndi mnyamata mmodzi pa lamya yake, ndipo tsiku limene wasamuka kapena wakangana ndi anzake amapita nalo pamodzi ndi otsatira onse. Kwaya iliyonse ikhale pansi ndi mkulu wampingo woiyang'anira, ilembe papepala kuti tsambalo nla yani, ndani asunge nambala zachinsinsi, ndani anapeka nyimbo iliyonse, ndiponso ndalama zikabwera, kaya za pa intaneti kaya zoimbira paukwati, zidzagaŵidwa motani. Osunga nambalazo akhale aŵiri, osati mmodzi. Opeka nyimbo akafunse za kulembetsa ku bungwe la COSOMA, limene lakhala likuyang'anira umwini wa nyimbo kuyambira 1992. Pepalalo lisainidwe ndalama zisanaoneke, ndipo lisungidwe kwa mlembi wa mpingo.